Madzi oyera mbuu pa zithunzi za mathithi

Paulendo wanga, chithunzi chilichonse cha mathithi chinkatuluka madzi atayera mbuu, mizere yake osaoneka. Ndinkayesa kamera yawonongeka, koma vuto linali dzuwa la masana. Ndinayamba kulawirira m'mamawa kapena kudikira mitambo. ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ndinaitsitsa pa 100, aperture (kabowo kolowera kuwala) f/11, shutter (nthawi yolola kuwala kulowa) theka la sekondi, kenako n'kumangirira kutsogolo kwa kamera fyuluta ya galasi yochepetsa kunyezimira yotchedwa polarizer. Imeneyi ndiye inandidabwitsa: nditaipotokola pang'ono, kunyezimira kwa pamwamba pa dziwe kunazimiririka, miyala ya pansi n'kuonekera bwinobwino. Tripod (choimikirapo kamera cha miyendo itatu) ndinalibe, choncho kamera ndinaikhazika pachikwama pamwala, n'kutchera timer ya masekondi 2 kuti dzanja lisaigwedeze. Timadontho tothovukira pa lens (galasi la kutsogolo kwa kamera) tokha ndi tomwe timandivutabe. Ndimangopukuta ndi kansalu ndisanajambule.