Musanapite ndi galu wanu kwa wometa

Dandaulo lomwe ometa agalu amalimva kawirikawiri ndi lakuti: "Ndinati mungomuyepula, nanga mwamumeteranji mpala?" Nthawi zambiri yankho limakhala pansi pa ubweya womwewo, pamalo amene mwini galu sanafikepo ndi chipeso kwa milungu ingapo. Wometa amagwira ntchito ndi ubweya umene mwamubweretsera. Ngati mukufuna galu abwerere ali ndi ubweya wautali wooneka bwino, ntchitoyo imayambira kunyumba, ndipo wometa amangoimaliza.

Choyamba dziwani mtundu wa ubweya wa galu wanu, chifukwa ndi umene umanena kuti azipita liti komanso akachitidwe zotani. Agalu ngati Poodle, Bichon Frise, Maltese, Shih Tzu ndi Yorkshire Terrier ali ndi ubweya womangokula, wosathothoka kwambiri, choncho amafunika kuyepulidwa pakapita milungu 4 mpaka 8. Agalu ngati German Shepherd, Husky ndi Golden Retriever ali ndi ubweya wosanjikizana: wapamwamba wolimba, ndi wapansi wofewa ngati thonje umene umathothoka wambiri nyengo ikamasintha. Awa amafunika kusamba, kuumitsidwa ndi kupesedwa mpaka ubweya wakufa utachoka. Aubweya waufupi ngati Boxer kapena Beagle safuna zambiri: kusamba, kuwenga zikhadabo ndi kupukuta m'makutu. Palinso agalu aubweya wokhakhala ngati Schnauzer ndi ma Terrier ena, amene ubweya wawo wakale umazulidwa ndi zala pang'onopang'ono. Mukaumeta ndi makina umamera wofewa ndipo mtundu wake umazilala.

Vuto lalikulu ndi mfundo za ubweya, ndiye tiyeni tikhalepo kaye. Mfundo imayamba ubweya wothothoka ukakodwa mu ubweya wamoyo, kenaka n'kumapiringizana galu akamayenda, akamagona kapena akamadzikanda. Malo ake ndi odziwika: kuseri kwa makutu, m'khwapa, pansi pa lamba wa m'khosi, pamimba, pakati pa miyendo yakumbuyo ndi patsinde pa mchira. Eni agalu ambiri amapesa ndithu, koma burashi imangodutsa pamwamba. Pamwambapo pamaoneka posalala pomwe pafupi ndi khungu ubweya wagwirana kale ngati bulangete. Kenaka galu amasambitsidwa osamasula mfundozo. Madzi amazimanga kwambiri, ndipo zikauma zimakhala gwa, zosatheka kulowetsa chipeso.

Mfundo yotere imapweteka. Imakoka khungu nthawi iliyonse galu akatambasula mwendo, imasunga chinyontho, imabisa utitiri ndi nkhupakupa, ndipo pansi pake pamabuka zilonda zonyowa zimene nthawi zina zimagwa mphutsi mwiniwake osadziwa. Kumasula ubweya wogwirana thupi lonse ndi chipeso kungatenge maola ambiri galu akulira, ndipo wometa wachifundo amakana kutero. Njira yokhayo ndi kulowetsa makina pakati pa mfundo ndi khungu. Mpata umenewo ndi wochepa kwambiri, choncho pamafunika mpeni wometa pafupi. Mipeni ya makinawa ili ndi manambala, ndipo nambala ikamakula ubweya wotsala umachepa: wa nambala 4 umasiya pafupifupi mamilimita 9, wa nambala 7 mamilimita 3, wa nambala 10 mamilimita 1.5 okha. Pa galu wogwirana ubweya nthawi zambiri umene umalowa ndi wa 7 kapena 10. Mpala uja umachokera pamenepa.

Galu wometedwa chonchi muyang'anireni bwino masiku awiri kapena atatu oyamba. Khungu limene linali lofinyika limayabwa mphepo ikaliwomba, ndipo galu akhoza kudzikanda mpaka kutuluka magazi. Makutu ndiwo oopsa kwambiri. Mfundo zikachoka galu amapukusa mutu mwamphamvu, timitsempha ta m'khutu n'kuphulika, khutu n'kutupa ngati kathumba kodzaza magazi. Mukaona zotere pitani naye kwa dokotala wa ziweto, musaboole nokha. Ndipo mfundo musamaidule ndi sizasi kunyumba. Khungu la galu ndi lopyapyala ndipo limakokekera m'kati mwa mfundoyo, mwakuti mumaganiza kuti mukudula ubweya pomwe mukudula khungu.

Kupewa kwake n'kosavuta koma kumafuna khama. Mukhale ndi burashi ya timawaya tating'ono ndi chipeso chachitsulo. Gonekani galu cham'mbali, kwezani ubweya ndi dzanja limodzi mpaka muone khungu ngati kamzere, kenaka pesani kachigawo kakang'ono ka pansi pa dzanjalo. Sunthani dzanja pang'ono, tsegulani kamzere kena, pitirizani choncho kuyambira kumiyendo kukwera kumsana. Musakanikize burashi, timawayato timakanda khungu. Mukamaliza yesani ndi chipeso. Chikadutsa kuchokera pakhungu mpaka kunsonga osakodwa, mwapesadi. Chikakodwa, gwirani ubweyawo patsinde kuti musakoke khungu, ndipo yambani kumasula kunsonga. Galu waubweya wautali kapena wopotana amafunika zimenezi tsiku lililonse, kapena zikavuta katatu pamlungu. Ngati nthawi yotere mulibe, uzani wometa kuti azimusiyira ubweya waufupi. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, galuyo amakhala pamtendere.

Pempho lina lofala ndi lakuti galu waubweya wosanjikizana ametedwe chifukwa kwatentha. Mtima wake ndi wabwino, koma galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo thukuta limatuluka pang'ono kumapazi. Ubweya wapamwamba umatchinga dzuwa, choncho mukaumeta khungu limapsa. Pomera, ubweya wapansi umafulumira kuposa wapamwamba, ndipo galu amatha miyezi yambiri ali ndi ubweya wazigambazigamba wogwirana msanga. Agalu ena malo ometedwawo amachedwa kwambiri kumeranso. Chomwe chimamupepukitsa ndi kuchotsa ubweya wapansi wakufa kuti mphepo izifika pakhungu, kuwonjezera mthunzi ndi madzi akumwa.

Posambitsa, wometa wodziwa ntchito amayamba wapesa, ndipo amagwiritsa ntchito madzi ofunda pang'ono ndi shampu ya agalu. Shampu ya anthu inapangidwira khungu la munthu lomwe ndi la asidi wochulukirapo kuposa la galu, choncho imaumitsa khungu la galu n'kuyambitsa nkhanambo. Kutsukuluza kumatenga nthawi yaitali kuposa kupaka, chifukwa thovu lotsalira m'khwapa ndi pamimba limayabwa. Shampu yamankhwala yolembedwa ndi dokotala nthawi zambiri imayenera kukhala pathupi mphindi 10 isanatsukidwe, ndiye mupite nayo limodzi ndi malangizo ake. Funsaninso ngati shampu yosungunula ndi madzi amaikonza tsiku lomwelo. Yosungunula n'kukhalitsa m'botolo imaswa tizilombo, makamaka totchedwa Pseudomonas, timene timalowa m'timabowo ta ubweya. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri galu amatuluka zithupsa zopweteka kumsana, amatentha thupi ndipo amafooka. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika ndi za kwa dokotala tsiku lomwelo.

Ngozi zoopsa kwambiri zimachitikira poumitsa ndi patebulo. Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39 ali bwinobwino, choncho sipatenga nthawi kuti atenthedwe mopyola muyeso akatsekeredwa m'khola lopemereredwa mpweya wotentha. Agalu amphuno yaifupi ngati Pug, Bulldog ndi Shih Tzu, okalamba, onenepa ndi odwala mtima ndi amene amagwa msanga. Nenani poyera kuti galu wotere aumitsidwe pamanja ndi mpweya wosatentha, munthu ali pomwepo. Patebulo, galu amamangidwa ndi kachingwe ka m'khosi kuti aime bwino. Akasiyidwa yekha ngakhale mphindi imodzi n'kudumpha, kachingweko kamamupachika. Agalu ang'onoang'ono amene amatsokomola akakokedwa pakhosi, monga Pomeranian ndi Yorkshire Terrier ena, chingwe chizidutsa pansi pa mwendo wakutsogolo kuti kholingo lisafinyike. Mpeni wa makina nawonso umatentha ukazungulira nthawi yaitali. Wometa wosamala amauyesa pamkono pake pafupipafupi ndi kuusintha. Mukaona pamimba kapena kumaso kwa galu pafiira atangometedwa, mwina ndi mpeni wotentha kapena wodula pafupi kwambiri, ndipo uzani wometa kuti ulendo wina asiye ubweya wotalikirapo pamalopo.

Zikhadabo zikamalira khwakhwakhwa pasimenti, zatalika. Zimapotoza zala ndipo galu amayenda mokhota. M'kati mwa chikhadabo muli mnofu wokhala ndi mtsempha wa magazi. Pa zikhadabo zoyera umaoneka wofiirira, pa zakuda suoneka, choncho zimawengedwa pang'onopang'ono mpaka pakati pa podulidwapo pataoneka kadontho kakuda. Mnofuwu umakula limodzi ndi chikhadabo, ndiye chikhadabo cholekereredwa miyezi yambiri sichingafupike tsiku limodzi. Chimawengedwa pang'ono mlungu uliwonse kapena iwiri mpaka mnofu utabwerera m'mbuyo, kenaka n'kumapitiriza pa milungu 3 kapena 4. Ngakhale katswiri nthawi zina amafika pamnofu, ndipo pali ufa woletsa magazi umene amathirapo. Kumbutsani za kachikhadabo ka m'mwamba, m'kati mwa mwendo. Sikagunda pansi, choncho sikaperepeseka, ndipo kakaiwalika mu ubweya kamapindika mpaka kulasa mnofu.

Wometa si dokotala, ndipo malire amenewa ndi ofunika. M'makutu amapukuta pooneka pokha ndi thonje ndi mankhwala otsukira. Ngalande ya khutu la galu imatsika kenaka n'kukhota, choncho timitengo ta thonje timangokankhira litsiro m'kati. Khutu lonunkha, lofiira, lotuluka zakuda kapena mafinya ndi lodwala, ndipo kulitsuka musanapite kwa dokotala kumachotsa zomwe dokotalayo akanapima. Kuzula ubweya wa m'makutu kusamachitike mwachizolowezi pa galu amene makutu ake ali bwino. Chimodzimodzi timatumba tiwiri ta fungo tokhala cham'munsi m'mbali mwa potulukira chimbudzi: pa agalu ambiri timadzikhuthula tokha akamachita chimbudzi, ndipo kutifinya popanda chifukwa kumatupitsa malowo. Galu akamakhwekhwereza matako pansi kapena kudzinyambita kumeneko, dokotala aone kaye. Mano wometa akhoza kuwatsuka ndi mankhwala a agalu, osati a anthu, poti ena mwa a anthu ali ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol chimene ndi poizoni kwa galu. Koma zolimba zomatirira m'mano ndi pansi pa nkhama amachotsa ndi dokotala galu atagonetsedwa. Mankhwala ogonetsa kapena ofooketsa galu wolusa amapereka ndi dokotala yekha. Wometa akanena kuti ali ndi mapiritsi otere, tengani galu wanu muzipita.

Komabe maso a wometa ndi othandiza kwambiri, chifukwa amagwira thupi lonse la galu ubweya uli wonyowa. Akakuuzani za chotupa, dzino logwedera, mphere kapena kuti galu waonda, musazitenge mopepuka.

M'mayiko ambiri munthu akhoza kuyamba ntchitoyi popanda chiphaso chapadera, choncho kusankha kuli ndi inu. Pitani mukaone malowo musanasiye galu. Onani ngati zipangizo zimatsukidwa galu wina asanakwere patebulo, ngati agalu odikira ali m'makola osiyana ndipo ali ndi madzi, komanso funsani kuti galu akavulala amapita naye kuti. Wometa wofunsa khadi la katemera wa matenda a chiwewe, parvo ndi distemper akutetezanso galu wanu, musamuone ngati wovuta. Inunso nenani zoona zokhazokha: ngati galu analumapo munthu, ngati amakomoka, ngati ali ndi nyamakazi, bere kapena bala la opaleshoni. Nenaninso ngati mwamudonthezera mankhwala a nkhupakupa pakhosi, poti ambiri mwa mankhwalawa amafuna kuti papite masiku awiri asanasambe. Mawu akuti "mufupikitse pang'ono" aliyense amawamva mwake, ndiye onetsani chithunzi kapena utali wake ndi zala, ndipo gwirizanani zoyenera kuchita akapeza mfundo. Galu ayambe wayenda n'kuchita chimbudzi, ndipo asadye kwambiri nthawi yonyamuka.

Kagalu kazolowere kakadali kakang'ono. Kunyumba muzikagwira mapazi, makutu, mchira ndi kukamwa mphindi zochepa tsiku lililonse, n'kukapatsa kachakudya kakakhala phee. Ulendo woyamba kwa wometa ukhale kagalu kali ndi milungu 12 mpaka 16 yakubadwa, dokotala atavomereza kuti katemera wakwana, ndipo ukhale waufupi: kusamba, kuumitsa, kuwenga zikhadabo, kuyepula pamaso ndi kumapazi, basi. Galu amene amafika koyamba ali ndi chaka, ubweya utagwirana kale, amakumana ndi phokoso la makina ndi ululu tsiku limodzi, ndipo ulendo wotsatira amayamba kunjenjemera asanalowe n'pakhomo pomwe. Woteroyo mumuzolowetsenso pang'onopang'ono, ndi maulendo aafupi opesa okha pakati pa masiku ometa, kwa wometa mmodzi yemweyo.