Momwe mungasankhire khadi la ngongole la mapointi a ndege mukasamukira ku UK

Amalawi ambiri amene apita kukagwira ntchito ku UK, makamaka anamwino ndi osamalira okalamba, samachedwa kumva kuti kuli makhadi a ngongole amene amapereka mapointi pa paundi iliyonse imene munthu wagwiritsa ntchito, ndipo mapointiwo amatha kuchepetsa mtengo wa tikiti ya ndege. Makhadiwa alipodi, ndipo ine ndili nalo limodzi, koma phindu lake limaoneka pokhapokha ngati mapointi ake akugwira ntchito pa ndege zimene mumakwera popita kumudzi, komanso ngati mukubweza ngongole yonse mwezi uliwonse. Ndikulemba poganiza kuti akaunti ya kubanki munatsegula kale ndipo malipiro anu akulowa mmenemo.

Choyamba, dziwani kuti mbiri yanu ya ngongole ya ku Malawi imatsala ku Malawi. Kaya munabweza bwino ngongole ya galimoto kubanki kapena ku SACCO, mabanki a ku UK saziona zimenezo, chifukwa iwo amafunsa makampani atatu osunga mbiri za ngongole, omwe ndi Experian, Equifax ndi TransUnion. Kwa mabankiwa, munthu wongofika kumene ali ngati mlendo wopempha shuga wangongole pa golosale ya m'mudzi umene wagonamo usiku umodzi. Njira yachidule imene ambiri saidziwa ndi yakuti Malawi ali m'bungwe la Commonwealth, choncho Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo amaloledwa kulembetsa m'kaundula wa zisankho. Kulembetsaku n'kwaulere, kumachitika pa webusayiti ya gov.uk, ndipo khonsolo ikalowetsa dzina lanu, makampani atatu aja amakhala ndi umboni wakuti mumakhaladi pa adiresi imene mukunena.

Gawo lachiwiri ndi lopempha khadi, ndipo ndikhalapo nthawi chifukwa ndi pamene zinthu zinandisokonekera. Ndinkakhala m'nyumba yakale imene anaigawa zipinda zochita lendi. Kubanki adiresi yanga inalembedwa ndi nambala ya chipinda, kukhonsolo inali ndi chilembo B kutsogolo kwa nambala ya nyumba, pamene kampani ya foni inangolemba nambala ya nyumba basi. Positi ankabweretsa makalata onse popanda vuto, koma makompyuta owunika mbiri ankaona ngati ndi anthu osiyana, ndipo aliyense wa iwo analibe mbiri yokwanira. Banki ina itandikana, ndinayesa kwina sabata yomweyo, nakonso kunabwera yankho lomwelo la mizere iwiri lopanda chifukwa chomveka.

Chimene chimachitika ndi ichi: mukapempha khadi, banki imafufuza mbiri yanu m'njira imene amaitcha hard search, ndipo kufufuzako kumasiya chizindikiro chimene mabanki ena amachiona kwa chaka chimodzi kapena kupitirirapo. Zizindikiro zikachuluka m'nthawi yochepa, munthu amaoneka ngati wapanikizika ndipo akusaka ngongole paliponse, moti kukanidwa koyamba kumabala kwachiwiri. Ndinadikira miyezi yambiri ndisanayesenso. Inu musanadine batani lopemphera khadi, tengani lipoti lanu la ngongole, lomwe malamulo amakulolani kuliona kwaulere, ndipo muyerekeze adiresi ndi kalembedwe ka dzina lanu pa lipotilo, pa sitetimenti ya kubanki ndi pa kalata ya kukhonsolo. Ngati pasipoti ili ndi mayina atatu, paliponse pakhale mayina atatuwo m'ndondomeko imodzi. Adiresi muilembe monga mmene ikuonekera pa webusayiti ya Royal Mail mukalowetsa postcode yanu. Mukatero, gwiritsani ntchito zida zaulere zoyezera mwayi wanu, monga za ClearScore kapena MoneySavingExpert, zimene zimafufuza mwa soft search, kufufuza kumene mabanki ena sakuona. Chida chikasonyeza kuti mwayi wanu ndi wochepa, lekani kaye.

Pano ndichenjezeko za anthu a m'magulu a WhatsApp amene amalonjeza kukonza mbiri ya ngongole mukawalipira. Palibe chimene angachite chimene inu simungachite nokha kwaulere, ndipo mbiri yoona singafufutidwe ndi munthu. Oopsa kwambiri ndi amene amapempha kuti ndalama zawo zidutse mu akaunti yanu, ati kuti izioneka yotentha. Banki ikazindikira, imatseka akauntiyo ndipo dzina lanu likhoza kulembedwa m'kaundula wa Cifas, wa anthu okhudzidwa ndi chinyengo cha ndalama, kwa zaka 6, nthawi imene ngakhale kutsegula akaunti wamba kumavuta. Kampani iliyonse yobwereketsa ndalama muyambe mwaiona m'kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zandalama ku UK.

Chachitatu, vomerani kuti khadi lanu loyamba mwina silikhala la mapointi. Ongofika kumene nthawi zambiri amayamba ndi makhadi omangira mbiri, monga a Aqua, Vanquis kapena Capital One, amene amalola ngongole ya mapaundi mazana ochepa ndipo chiwongoladzanja chake chimakonda kupitirira 30 peresenti pachaka. Chiwongoladzanjacho sichikukhudzani ngati mwakhazikitsa Direct Debit yobweza ngongole yonse mwezi uliwonse, osati kandalama kochepa kamene banki imati ndi kokwanira. Muzigulira khadilo zakudya kapena tikiti ya basi, osalifikitsa kumapeto, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka muyezenso mwayi wanu.

Chachinayi ndicho kusankha kwenikweni, ndipo muyambire pa mapu, osati pa malonda a banki. Palibe ndege yochoka ku London n'kukatera ku Lilongwe kapena ku Blantyre osaima pena. Ambiri amadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines, ku Nairobi pa Kenya Airways, kapena ku Johannesburg n'kulumikiza ndi Airlink kapena Malawi Airlines. Izi n'zofunika chifukwa makampani a ndege ali m'magulu, ndipo mapointi amayenda m'gulu lawo. Mapointi otchuka kwambiri ku UK ndi Avios, a British Airways ndi anzake monga Qatar Airways ndi Iberia, ndipo mumawapeza pa makhadi a British Airways American Express kapena a Barclaycard Avios. Koma British Airways imathera ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndiye chigawo chotsalacho nthawi zambiri mumagula ndi ndalama, ndipo ngati matikiti awiriwo ndi osiyana, ndege yoyamba ikachedwa yachiwiriyo ilibe udindo wokudikirani. Kenya Airways ili m'gulu la SkyTeam, limene Virgin Atlantic inalowamo mu 2023, kotero mapointi a Virgin kapena a Flying Blue, a Air France ndi KLM, akhoza kukufikitsani ku Lilongwe. Ethiopian Airlines ili mu Star Alliance ndipo ili ndi ndondomeko yake ya ShebaMiles, imene ndi bwino kulembetsamo ngakhale mulibe khadi, popeza n'kwaulere ndipo ulendo uliwonse umawerengedwa.

Mwa maganizo anga, kwa Mmalawi amene sanakhazikike pa kampani imodzi ya ndege, khadi la mapointi osunthika ndi lanzeru kuposa lomangidwa ku kampani imodzi. Mapointi a Membership Rewards a American Express mumatha kuwasamutsira ku Avios, ku Virgin kapena ku Flying Blue nthawi imene mwapeza mpando wa pa ndege wogulidwa ndi mapointi, ndipo muziyamba mwaupeza mpandowo, chifukwa mapointi akasamuka sabwerera. Mipando ya mapointi ya mu Disembala imatha msanga kwambiri, ndipo tikiti ya mapointi si yaulere, popeza misonkho monga Air Passenger Duty ndi ndalama zina zowonjezera mumalipira ndithu, nthawi zina mapaundi mazana angapo.

Chachisanu, werengerani ndalama zolipirira khadi. Khadi la American Express Preferred Rewards Gold limakhala laulere chaka choyamba kenako £195 pachaka, la Barclaycard Avios Plus ndi £20 pamwezi, pamene la British Airways Premium Plus ndi £300 pachaka. Mitengoyi imasinthasintha, choncho muione patsiku lopempha. Anthu ambiri amawerengera pointi imodzi ngati peni imodzi. Munthu wogwiritsa ntchito £800 pamwezi amafika £9,600 pachaka, zomwe pa khadi laulere lopereka pointi imodzi pa paundi zimabala mapointi 9,600. Khadi lolipira lopereka pointi imodzi ndi theka lingawonjezere mapointi 4,800 okha, a mtengo wa £48 kapena chapomwepo, pamene iye walipira £240 pachaka ngati ndi khadi la £20 pamwezi lija. Kumbukiraninso kuti lendi, imene imadya gawo lalikulu la malipiro, eni nyumba ambiri salandira pa khadi la ngongole. Bonasi yolandirira makasitomala atsopano ndiyo imabweretsa mapointi ambiri nthawi imodzi, koma imafuna kuti mugwiritse ntchito ndalama yoikika m'miyezi itatu yoyambirira, ndiye pemphani khadi nthawi imene muli ndi chogula chachikulu chimene mukanagula ndithu, monga tikiti ya ndege kapena inshuwalansi ya galimoto.

Musatumize ndalama kumudzi ndi khadi la ngongole pofuna mapointi. Mabanki ambiri amakutenga kutumizako ngati kutapa ndalama pa ATM, ndiye amadula ndalama yapadera, chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, ndipo mapointi sabwera.

Chachisanu ndi chimodzi ndi cha pa ulendo weniweniwo. Makhadi ambiri a mapointi amawonjezera pafupifupi 3 peresenti mukagula zinthu kunja kwa UK, ndipo American Express salandiridwa m'malo ambiri ku Malawi, kumene makina ambiri ndi a Visa ndi Mastercard. Nyamulani khadi lachiwiri losadula ndalama imeneyi, monga Halifax Clarity kapena Barclaycard Rewards, ndipo makina akakufunsani ngati mulipire mu mapaundi kapena mu kwacha, sankhani kwacha.

Zotsalazo ndi zazing'ono. Tikiti ya ndege muziigula ndi khadi la ngongole ndiponso mwachindunji ku kampani ya ndege, chifukwa Section 75 ya lamulo la Consumer Credit Act la 1974 imapatsa banki udindo wofanana ndi wa wogulitsa pa chinthu cha mtengo wopitirira £100 mpaka £30,000, chitetezo chimene chimatha kusokonekera mukadzera mwa ajenti. Avios amafa akakhala miyezi 36 osawonjezeredwa kapena kugwiritsidwa ntchito. Lembani pa kalendala ya foni tsiku limene chaka chaulere chikutha kuti musankhe kupitiriza kapena kutseka khadilo ndalama isanadulidwe, ndipo ngati mukutseka, samutsani kaye mapointi.