Momwe Mungapezere Bowa wa Morel M'nkhalango Chisanu Chikangotha

Bowa wa morel, yemwe akatswiri amamutchula kuti Morchella, amamera kwambiri ku North America, ku Ulaya ndi m'madera ena a ku Asia, ndipo amaoneka kwa masabata ochepa chabe pakati pa mwezi wa Malichi ndi Meyi, pamene chisanu chatha ndipo nthaka yayamba kufunda. Chifukwa chakuti ndi wovuta kulima, anthu ambiri amachita kukamutola kutchire.

Choyamba, dziwani nthawi yake. Bowayu amayamba kutuluka nthaka ikafunda kufika pa madigiri pafupifupi 10 a Celsius, makamaka patangopita masiku ochepa mvula itagwa. Kumayambiriro kwa nyengoyi, yambani ndi malo otsetsereka oyang'ana kummwera, popeza m'mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi malo otere ndi amene amalandira dzuwa lambiri. Masiku akamapita, sunthirani kumalo a mthunzi ndi kumapiri.

Chachiwiri, yang'anani mitengo musanayambe kuyang'ana pansi. Morel amakonda kumera pafupi ndi mitengo ya elm yomwe yangofa kumene, makungwa ake akuyamba kusendeka, komanso pafupi ndi mitengo ya ash ndi ya maapozi akalekale. Chakumadzulo kwa North America, amamera wochuluka m'nkhalango za paini zomwe zinapsa ndi moto chaka chapitacho. Komabe samalani ndi minda yakale ya maapozi, chifukwa ina inkapoperedwa mankhwala okhala ndi mtovu ndi poizoni wotchedwa arsenic, ndipo mankhwalawa amakhalitsa m'nthaka. Musanalowe m'malo alionse, pemphani chilolezo kwa mwini wake ndipo fufuzani malamulo a nkhalangoyo.

Mukafika pansi pa mtengo woyenera, chepetsani liwiro. Mtundu wa bowayu umafanana kwambiri ndi wa masamba ouma, moti munthu wothamanga amamuponda osamuona. Njutani, yendetsani maso pang'onopang'ono patsogolo panu, ndipo mukaona mmodzi musafulumire kuchokapo, chifukwa kawirikawiri anzake amakhala chapafupi pomwepo. Valani thalauza lalitali ndi nsapato zotseka, popeza nyengo imeneyi nkhupakupa zimakhalanso zitayamba kuchuluka.

Chachitatu, ndipo pano ndi pamene pagona moyo wanu, tsimikizirani kuti mwatola bowa weniweni. Mutu wa morel umakhala ndi timaenje tolowa m'kati tokhala ngati zisa za njuchi, ndipo umalumikizana ndi tsinde lake osati kungolendewera pamwamba pake ngati chipewa. Tengani mpeni n'kumung'amba pakati kuchokera kunsonga mpaka pansi. Morel weniweni amakhala ndi mphako imodzi yopanda kanthu, kuyambira kumutu mpaka kutsinde. Mukapeza m'kati muli ulusi woyera wonga thonje, ndiye kuti mwina mwatola bowa wa mtundu wa Verpa, yemwe si morel weniweni. Mukapeza mutu wofiirira, wopindikapindika ngati ubongo, m'kati mwake muli tizipinda tambirimbiri, ameneyo ndi Gyromitra, ndipo mitundu ina ya bowa ameneyu ili ndi poizoni wotchedwa gyromitrin yemwe amawononga chiwindi ndipo amatha kupha. Ine ndimaona kuti si kutaya nthawi kung'amba bowa aliyense payekhapayekha, ngakhale dengu litadzaza, chifukwa mmodzi yekha wolakwika ndi wokwanira kudwalitsa banja lonse. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, pitani ndi munthu amene amamudziwa bwino bowayu, ndipo aliyense amene mukumukayikira musiyeni komweko.

Potola, dulani tsinde chapansi penipeni kuti dothi lisalowe m'timaenje. Ikani bowa m'dengu kapena m'thumba la maunauna lolowa mphepo, chifukwa m'pulasitiki amachita thukuta n'kuyamba kuola msanga. Wofewa kwambiri kapena wonunkha musatenge.

Mukafika kunyumba, mutsukeni mwachangu m'madzi ozizira kuti mchenga ndi tizilombo tobisala m'timaenje tichoke, kenako muumitseni pa nsalu yoyera. Muphikeni mpaka apse bwinobwino, chifukwa ngakhale morel weniweni amadwalitsa akadyedwa wamuwisi kapena wosapsa. M'chaka cha 2023 mumzinda wa Bozeman ku Montana, m'dziko la America, anthu 51 anadwala atadya pamalo ena odyera pomwe ankapereka morel wamuwisi kapena wosapsa mokwanira, ndipo awiri mwa iwo anamwalira. Tsiku loyamba idyani pang'ono chabe kuti muone momwe thupi lanu limulandirire, ndipo mukayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba thamangirani kuchipatala mutatenga bowa wotsalayo kuti madokotala amuone. Amene simumudya m'masiku awiri kapena atatu muyanikeni mpaka aume gwa, n'kumusunga m'botolo lotseka bwino. Wouma naye amafunika kumuviika m'madzi ndi kumuphika mokwanira musanadye.