Madzi amene ankalowa mu Benz yanga ya 450SL ndawathana nawo

Anzanga amene muli ndi Mercedes-Benz R107, zija anapanga kuyambira 1971 mpaka 1989, imvani iyi. Yanga ndi 450SL ya 1978, injini V8 ya malita 4.5, penti ndi mipando ya chikopa zonse zoyambirira, ndiye mvula itayamba kapeti ya mbali ya pasenja kumangonyowa, mkati fungo la chinyontho, mtima unandiwawa kwabasi.

Makaniko wina anati tisinthe tenti yonse ya pamwamba (denga lansalu la galimotoyi), ndinakana coz tentiyo ilibe bowo ngakhale limodzi.

Vuto linali kutsogolo. Mukatsegula boneti, pafupi ndi galasi lakutsogolo pali chivundikiro cha fani ya hita, ndinamasula masikulu nkuchichotsa, ee mkatimo masamba a jakaranda owola ndi matope zadzaza, mapaipi otulutsa madzi atsekeka ndiye madzi amangosefukira mkati mwa galimoto. Ndinakokolola ndi manja, mapaipi ndinatokosa ndi waya wofewa kenako kupopera mphepo ya kompresa, nditathira madzi a m'botolo anatuluka pansi bwinobwino. Dzimbiri linali litangoyamba pakona, ndinapala ndi sandipepa, kupaka mankhwala a dzimbiri kenako penti. Malo amenewa musawachedwetse, akabooka kuwotcherera kwake mpaka kuchotsa dashibodi, ndalama zambiri zedi.

Kapeti ndinaichotsa nkuyanika padzuwa, marabala a tenti ndinapaka girisi wa silikoni. Pano pansi pa mtengo sindiimikanso, ndipo mapaipi aja ndiziwayang'ana mvula isanayambe.