Momwe mungatsatire nkhani ya malire pakati pa mudzi ndi esiteti ya tiyi

Kuno ku Thyolo ambiri timadziwa kuti malo a maesiteti anachoka m'manja mwa mafumu m'zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankapereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, koma mbiri imeneyi payokha siibweza munda. Gulu lomenyera malo la Vincent Wandale litalowa m'esiteti ya Conforzi mu 2016, nkhani inathera kupolisi. Njira ili pano ndi ya mudzi umene ukuona kuti esiteti yadumpha malire ake enieni.

Yambirani kwa a gulupu, amene malinga ndi lamulo la malo a makolo la 2016 amatsogolera komiti ya malo. Lembani dandaulo lotchula manda, mitsinje ndi mitengo yakale imene akuluakulu amaidziwa ngati malire, ndipo a gulupu ndi a T/A adindepo chidindo.

Kenako pemphani mapu a esitetiyo ku ofesi ya malo ku Blantyre, kudzera kwa woona za malo wa kwa DC. Apa mpofunika kudekha, chifukwa mapu sanena kanthu popanda saveya (woyeza malo) woti afufuze mabikoni osonyeza malire, ndipo boma limalandira ntchito ya saveya wachiphaso yekha, itavomerezedwanso ndi ofesi ya mkulu woyeza malo wa boma (Surveyor General). Mudzi wathu utasonkha ndalama za nandolo ndi za maganyu othyola tiyi, dobadoba wina anatibweretsera munthu wa jekete lonyezimira ndi kachipangizo ka GPS m'manja, amene anatchula mtengo wotsika modabwitsa. Anangoyenda m'mphepete mwa mabulugamu osafukula bikoni ngakhale imodzi, chonsecho bikoni ndi kachipilala ka konkire kamene nthawi zambiri kamakhala katakwiririka ndi dothi. A boma analikana pepala lake chifukwa dzina lake silinali m'kaundula, ndipo foni yake sinalowenso. Choncho tsimikizani dzina la saveya ku dipatimenti yoyeza malo musanapereke ngakhale tambala. Saveya weniweni ndi wodula, ndipo ambiri amalipiritsa mafuta a galimoto padera, kotero ndi bwino kugawana mtolowo ndi midzi yoyandikana nayo.

Lipoti likatuluka, lemberani kalata manejala wa esiteti, kope lipite kwa DC, ndipo mupemphe zokambirana. Zikakanika pitani kukhoti, popeza bwalo la kwa T/A limaweruza za malo a makolo okha. A Legal Aid Bureau amathandiza amene alibe ndalama za loya. Nkhani ili mkati musazule tiyi kapena kusuntha bikoni, chifukwa umenewo ndi mlandu winanso.