Kawerengedwe ka ndalama za zaumoyo m'mabuku a boma la atsamunda

Mukafuna kudziwa ndalama zomwe boma la atsamunda a Britain linkaika pa zaumoyo ndi ukhondo, yambani ndi Blue Book (buku la pachaka la ziwerengero za boma) ya chaka chomwe mukufuna, kenaka muyerekeze ndi lipoti la pachaka la Medical Department, nthambi ya zachipatala. Za Nyasaland mungazifufuze ku National Archives ku Zomba kapena ku National Archives ya Britain ku Kew, ku London.

Ambiri amasokonezeka pa Estimates. Zimenezo ndi ndalama zomwe ankalingalira chabe; inu tengani zomwe zidagwiritsidwadi ntchito. Musaime pa gawo la zachipatala lokha. Kumanga zipatala, ngalande ndi mipope ya madzi nthawi zambiri kunkalembedwa pansi pa Public Works, nthambi ya zomangamanga, pomwe kutaya zinyalala ndi kukhuthula ndowa za zimbudzi m'matauni inali ntchito ya makhonsolo. Thandizo lopita ku zipatala za mishoni liikeni padera. Muikenso padera ndalama zochokera ku London kudzera m'malamulo a Colonial Development and Welfare a 1940 ndi 1945, apo ayi chiwerengero chifufuma.

Powonkhetsa kumbukirani kuti paundi inali mashilingi 20, shilingi mapeni 12. Sandutsani zonse kukhala mapeni musanagawe ndi chiwerengero cha anthu. Ngakhale mutatero, yankho lake limabisa zambiri, chifukwa malipiro a madokotala achizungu ndi zipatala za azungu zinkadya gawo lalikulu.

Pa nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963, zaumoyo zidapita m'manja mwa boma la chitaganya ku Salisbury (Harare ya lero), choncho fufuzaninso m'mabuku a kumeneko.