Momwe mungakonzere ulendo wa ndawala wopezera ndalama kuno ku Dedza

Chaka chatha tinayenda ndawala kuchokera pamphambano ya Bembeke mpaka pa boma, kusaka ndalama zofolerera kalasi yomwe denga lake linasasuka ndi mphepo. Ambiri akhala akundifunsa kuti tinayambira pati, ndiye ndati ndingolemba.

Komiti ikhale yaing'ono. Anthu asanu akwana, bola msungichuma akhale munthu woti akakana wakana. Tsiku likhale Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, m'miyezi yopanda mvula. Ngati ndi Juni kapena Julaye musaike 6 koloko m'mawa. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa, mudzangopezeka muli nokha ndi mwini chimkuzamawu.

Kenako lembani kalata kwa bwanamkubwa, ina ipite kwa mkulu wa polisi, yonena tsiku, nthawi ndi njira yomwe mudzadutse. Malamulo amati chidziwitso chifike kusanatsale maola 48, koma inu pitani kukadali masiku khumi, chifukwa mukufuna apolisi apamsewu adzakutsogolereni. M1 si yosewera nayo, pamadutsa mathiraki opita kuchipata cha Mozambique, ndipo paulendo wotere ana sachedwa kulowa pakati pa msewu. Mafumu kawauzeni pamaso, osati pafoni.

Tsopano nkhani ya matisheti, pomwe ife tinapsa. Wina mukomiti anati ali ndi mnzake ku Lilongwe amene amadinda motchipa. Tinangoona zithunzi pa WhatsApp, n'kutumiza theka la ndalama. Patatha sabata mkuluyo anati utoto wakwera, tionjezere. Paja chichokereni kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, aliyense wofuna kukudyerani amangoti "zinthu zakwera bwana", ndipo simungamutsutse. Tinaonjezera. Lachinayi foni yake inazima. Lachisanu usiku ndi pomwe thumba linatsika m'minibasi, ife tikudikira pasiteji titafunda zitenje. Titamasula, matisheti 100 omwe tinalipira anapezeka 82, ambiri a saizi ya ana, dzina la sukulu atalemba molakwika. Kutacha kunagwa kamvula ka mawawa, ndipo pofika pa boma amayi ena utoto wobiriwira unali utatsikira pachitenje. Mayi wina wachikulire anandikokera pambali n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndalama imeneyi si bwenzi titagula malata asanu ndi atatu?" Ndinasowa poyang'ana.

Ndiye ngati mukufunadi matisheti, pitani nokha kumene amadindako, adinde imodzi muione, muichape ndi sopo pomwepo. Mtengo aulembe papepala ndi kusainira, ndipo yotsalayo mupereke mutawerenga katundu. Musagulenso ndi ndalama ya thumba. Aliyense wofuna alipiriretu yake. Kunena zoona, ine lero ndingangolembetsa nsalu imodzi yaikulu kwa olemba zikwangwani a pompano, anthu n'kuvala zawo.

Ndalama yeniyeni imachokera m'mafomu opemphetsera. Fomu iliyonse ikhale ndi nambala ndi chidindo, ndipo wotenga asaine m'kope. Fomu yopanda nambala imasochera pamodzi ndi ndalama zake. Nambala ya Airtel Money ikhale imodzi, ya Mpamba imodzi, zonse zolembedwa pafomupo. Eni magolosale ndi ogula mbatata ya kachewere apitireni Lachisanu lisanafike, patsikulo amakhala otanganidwa. Mlendo wolemekezeka akalonjeza pachimkuzamawu, muombereni m'manja, koma lonjezolo musaliwerengere mpaka ndalama italowa.

Zotsalazi n'zodziwika. Madzi muike m'zidebe malo awiri kapena atatu, a m'mabotolo angokudyerani ndalama. Pemphani a Red Cross adzayende nanu, ndipo galimoto imodzi izibwera pambuyo kunyamula otopa. Anyamata anayi agwire mbale zopemphera m'mbali mwa msewu, koma aziyenda awiriawiri.

Mukafika, werengani ndalama pamaso pa anthu ndi kulengeza tsiku lomwelo, musadikire msonkhano. Ife kalasi ija tinafolera, ngakhale mazenera sitinaikebe. Matisheti a ana aja tinapatsa timu ya mpira ya pasukulupo.